Chifukwa chiyani mtengo wa mango sukuchita maluwa bwino?

Miyezi ya Julayi ndi Ogasiti ikafika, alimi ambiri a ku Luwani ndi madera ena a kumunsi kwa boma la Neno amayang'ana m'mitengo ya mango kuti adziwe mmene chaka chikhalire. Mtengo wodzaza maluwa umatanthauza ndalama za fetereza, sopo ndi fizi ya ana mu Novembala ndi Disembala, nthawi imene chimanga chimakhala chikutha m'nkhokwe. Koma si zachilendo kuona mtengo waukulu, wa masamba obiriwira bwino, uli wopanda duwa ngakhale limodzi pamene wa mnzanu, wooneka wofooka, wayera ndi maluwa.

Mtengo wotero kawirikawiri sukhala wodwala kapena wosabereka. Maluwa amene mumawaona mu Ogasiti amakonzedwa ndi zimene zinachitikira mtengowo kuyambira Januwale mpaka Juni. Ntchito yabwino monga kudulira, kuthira fetereza kapena kuthirira ikagwiridwa pa nthawi yolakwika, ndiyo imene imalanda mtengo maluwa ake.

Mmene mango amapangira maluwa

Mango amatulutsa maluwa kunsonga kwa nthambi zokha. Tsango la maluwa silituluka pa thunthu kapena pakati pa nthambi yaikulu. Nsonga iliyonse ikaphuka imatulutsa chimodzi mwa ziwiri: masamba anthete, ofiirira aja, kapena tsango la maluwa.

Kuti nsonga itulutse maluwa pamafunika zinthu zitatu:

- Nsongayo ikhale yokhwima. Kuchokera pamene inatulutsa masamba komaliza, papite miyezi inayi kapena isanu. Masamba ake akhale obiriwira kwambiri ndi olimba, oti mukawapinda amathetheka.
- Mtengo upume. Nthaka ikauma mvula itatha, mtengo umaleka kukula ndipo umasunga chakudya m'nthambi ndi m'mizu.
- Kuzizire usiku. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, makamaka kukatsika kufika pa madigiri 15 mpaka 18, ndiko kumachititsa kuti nsonga ikaphuka itulutse maluwa m'malo mwa masamba.

Kumapiri, monga ku Dambe, kumazizira kwambiri. Kuno kumunsi nyengo yozizira ndi yaifupi, choncho kukhwima kwa nsonga ndi kupuma kwa mtengo n'kofunika kwambiri. Nsonga yanthete ikaphonya masabata ochepa ozizirawo, iyenera kudikira chaka chamawa.

Yambani mwadziwa vuto la mtengo wanu

Musanagule mankhwala kapena fetereza, uyang'aneni bwino mtengowo ndipo muone gulu limene ukugwera.

1. Mtengo sutulutsa maluwa, umangotulutsa masamba atsopano.
2. Mtengo umatulutsa maluwa ambiri, koma amauma, kuda ndi kuyoyoka osagwira zipatso.
3. Mtengo umabereka kwambiri chaka chino, chaka chotsatira n'kupuma.

Gulu lililonse lili ndi zifukwa zake ndiponso mankhwala ake. Kupopera mankhwala mtengo wa gulu loyamba ndi kutaya ndalama, ndipo kuuthira yureya ndi kukulitsa vuto.

GULU LOYAMBA: MASAMBA OKHAOKHA

Kudulira pa nthawi yolakwika

Ili ndilo vuto lalikulu. Alimi ambiri amapeza mpata wosadza mitengo mu Meyi, Juni ndi Julayi akatha kukolola chimanga. Ena amadula nthambi chifukwa chofuna nkhuni, ena pofuna kuchepetsa mthunzi m'munda. Pa nthawi imeneyi nsonga zimakhala zakhwima kale ndipo zatsala pang'ono kutulutsa maluwa. Nthambi iliyonse imene mwadula yapita ndi maluwa ake. Pamene mwadulapo pamaphuka mphukira zanthete, zomwe sizingachite maluwa chaka chimenecho.

Nthawi yoyenera ndi mukangotha kuthyola mango, pasanathe masabata awiri kapena atatu. Kwa mitundu yamakolo monga Boloma, Domasi ndi Dodo, imene imapsa msanga kumalo otentha, nthawiyi imagwa mu Disembala kapena Januwale. Kwa mitundu yochedwa monga Kent ndi Keitt, ndi mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi. Mphukira zotuluka pambuyo pake zimakula ndi mvula ndipo zimakhala zakhwima pofika Juni ndi Julayi. Mwezi wa Malichi ukatha, sungani sowo. Chimene mungachotse nthawi ina iliyonse ndi nthambi youma kapena yothyoka.

Podulira chitani izi:

- Chotsani timitengo totsala pamene panali mango, podula pang'ono kumbuyo kwake.
- Chotsani nthambi zouma, zodwala, zopingasana ndi zokhudza pansi.
- Tsegulani pakati pa mtengo pochotsa nthambi imodzi kapena ziwiri zoongoka kuti dzuwa lilowe.
- Musachotse masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo pa chaka chimodzi. Mtengo wodulidwa kwambiri ukhoza kutha zaka ziwiri usanachitenso maluwa.
- Gwiritsani ntchito sowo kapena sizasi yodulira mitengo. Chikwanje chimang'amba khungwa ndipo chilonda chake chimachedwa kupola.

Nayitirojeni wochuluka

Nayitirojeni ndi chakudya chokulitsa masamba. Fetereza wa yureya ali ndi magawo 46 pa 100 alionse a nayitirojeni, ndipo wa chimanga wokulitsa uja wa 23:10:5 alinso naye wambiri. Mtengo umene uli pakati pa munda wa chimanga umadya nawo fetereza ameneyu chaka ndi chaka, chifukwa mizu yake imayenda kupitirira pamene mthunzi wake umathera. Chimodzimodzi mtengo woyandikana ndi khola la ng'ombe kapena la mbuzi, dzala kapena chimbudzi.

Chizindikiro chake ndi ichi: masamba akuluakulu obiriwira moderako, ndi masamba ofiirira atsopano akutulukabe mu Meyi ndi Juni. Mtengo umaoneka wathanzi kuposa yonse, koma sunapume.

Thirani manyowa kapena fetereza mukangotha kuthyola ndi kudulira, mvula ikadali kugwa. Mtengo waukulu upatseni ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa owola bwino, mozungulira pamene pamathera mthunzi, osati patsinde. Kuyambira Epulo mpaka maluwa atagwira zipatso, musathire yureya, CAN kapena manyowa a nkhuku. Ngati mtengo wanu uli ndi masamba ochuluka kale, usiyeni chaka chathunthu osaupatsa nayitirojeni. Mutha kuwaza phulusa la nkhuni pang'ono, popeza lili ndi potaziyamu amene amathandiza zipatso.

Madzi pa nthawi yopuma

Mitengo ya m'dimba, ya pafupi ndi mjigo kapena ya kuseri kwa bafa imalandira madzi chaka chonse. Kumalo otentha, madzi oterewa amachititsa kuti nsonga ziziphuka pafupipafupi, ndipo kuzizira kukamafika zimakhala zisanakhwime.

Mtengo umene unayamba kale kubereka musauthirire kuyambira Meyi mpaka matsango a maluwa ataonekera. Patulani ngalande ya madzi a kubafa kapena a pamjigo kuti isathere patsinde. Yambaninso kuthirira timango tikagwira, chifukwa kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kumayoyola zipatso zambiri pa mtengo waludzu. Lamuloli silikhudza mitengo yaing'ono yosakwana zaka zitatu. Imeneyo ipitirizeni kuithirira chilimwe chonse kuti ikule.

Mthunzi ndi kuthithikana

Nsonga zolandira dzuwa ndizo zimachita maluwa. Mitengo ikakumana nthambi, maluwa amangotuluka pamwamba penipeni, pamene mwana wokwera mumtengo sangafike, ndipo m'mbali monse mumakhala mopanda kanthu. Mango omezanitsa abzalidwe motalikirana mamita 9 kapena 10. Amakolo, amene amakula kwambiri, amafuna malo oposa pamenepo. Ngati mitengo inamera yokha mothithikana, sankhani yabwino ndipo ina muichotse. Mitengo iwiri yolandira dzuwa mbali zonse imabereka kuposa isanu yolimbirana kuwala. Sadzaninso mitengo ina italiitali monga bulugamu kapena keshya ngati ikuphimba mango anu.

Msinkhu ndi mtundu wa mtengo

Mtengo womera ku nthangala umatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu usanachite maluwa oyamba. Womezanitsa umayamba pa zaka zitatu kapena zinayi. Ngati wanu sunafike msinkhu umenewu, palibe cholakwika. Womezanitsa ukatulutsa maluwa m'zaka ziwiri zoyambirira, athotholeni kuti mphamvu zipite ku mizu ndi nthambi.

Yang'ananinso pamene anamezanitsira. Mphukira zotuluka m'munsi mwa mfundoyo ndi za mtengo wamakolo wa pansi. Zimakula mwamphamvu, ndipo zikasiyidwa zimapha mtundu wabwino umene munagula. Mlimi amadikira Tommy Atkins zaka zambiri pamene mtengo umene ukukula ndi wina. Thyolani mphukira zimenezi zikadali zazing'ono.

GULU LACHIWIRI: MALUWA AMATULUKA KOMA SAGWIRA

Dziwani poyamba kuti kuyoyoka kwina ndi kwachilengedwe. Tsango limodzi limakhala ndi timaluwa mazanamazana, tambiri mwa ito tatimuna, ndipo timene timafika pokhala mango okhwima sitikwana ngakhale kamodzi pa 100 alionse. Tsango likasunga mango amodzi, awiri kapena atatu, mtengo wagwira bwino ntchito. Vuto lilipo pamene matsango ambiri atsala mitengo yokhayokha.

Nthenda ya ufa woyera

Nthendayi, imene pa mabotolo a mankhwala imalembedwa kuti powdery mildew, ndiyo imaononga kwambiri maluwa a mango m'nyengo yozizira. Maluwa, timitengo take ndi masamba anthete amaoneka ngati awazidwa ufa. Pakapita masiku ochepa maluwa amauma n'kugwa. Imafala kwambiri masana kukamauma koma usiku ndi m'mawa kuli mame kapena nkhungu, monga zimakhalira masiku a chiperoni. Siifuna mvula kuti ifale.

Mankhwala ake ndi salufa wosungunula m'madzi. Poperani koyamba matsango akangotuluka, timaluwa tisanamasule. Bwerezani pakatha masabata awiri, kenaka timango tikangogwira. Mukadikira mpaka mtengo wonse utayera, mwachedwa. Salufa amawotcha maluwa ndi masamba kukatentha, choncho poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, ndipo tsatirani mlingo wolembedwa pa paketi.

Nthenda yodetsa maluwa

Iyi ndi anthracnose. Imayamba ngati timadontho takuda pa maluwa, kenaka tsango lonse limada ndi kuuma. Imakonda chinyezi, choncho imavuta chaka chimene kwagwa mvula yamawawa maluwa ali pamtengo, ndiponso m'mitengo yothithikana imene mphepo siidutsa. Ndi nthenda yomweyi imene imaika mawanga akuda pa mango akupsa. Imabisala m'nthambi zouma, n'chifukwa chake kudulira ndi kutentha zodulazo kutali ndi mtengo kumathandiza. Mankhwala a kopa kapena mancozeb amateteza akapoperedwa maluwa asanamasule.

Kusowa kwa tizilombo tonyamula mungu

Mungu wa mango umanyamulidwa ndi ntchentche, njuchi ndi tizilombo tina touluka. Mukapopera mankhwala ophera tizilombo monga cypermethrin mtengo uli pachimake pa maluwa, mumapha antchito anu omwe. Ngati pali tizilombo toyamwa maluwa, poperani timaluwa tisanamasule kapena zipatso zitagwira, ndipo chitani zimenezi madzulo njuchi zitabwerera.

Moto ndi mphepo

Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya moto wolusa, wa osaka mbewa ndi wa ososa m'minda. Lawi silifunika kufika pa nthambi: kutentha kokha kumafotetsa maluwa ndi timango. Lambulani mozungulira mitengo yanu pofika Juni, ndipo musatenthe zinyalala kapena mapesi pansi pa mango. Mphepo yamphamvu ya mwera nayo imaumitsa ndi kuyoyola maluwa. Pobzala munda watsopano, ikani mzere wa mitengo yotchinga mphepo kumbali imene mwera umachokera, motalikira kuti isachite mthunzi.

GULU LACHITATU: CHAKA CHINO ZAMBIRI, CHAKA CHAMAWA PALIBE

Mtengo ukabereka kwambiri umatha chakudya chimene unasunga. Komanso nsonga imene yanyamula mango siphuka masamba atsopano mpaka mangowo atachoka. Zipatso zikakhalitsa mumtengo, mphukira zatsopano zimachedwa kutuluka ndipo sizikhwima pa nthawi yake. Khalidweli limaoneka kwambiri pa mitengo ikuluikulu yamakolo.

Simungalithetseretu, koma mutha kulichepetsa. Thyolani mango onse akakhwima, osasiya otsalira mumtengo. Dulirani ndi kuthira manyowa mwamsanga, makamaka chaka chimene mtengo wabereka kwambiri. Ngati muli ndi malo, khalani ndi mitundu ingapo, yopsa msanga ndi yochedwa, kuti wina ukapuma wina akupatseni ndalama.

Nanga kutema thunthu kapena kukhoma misomali?

Alimi ena amatema khungwa ndi chikwanje kuti mtengo ubereke, ndipo nthawi zina umachitadi maluwa. Chifukwa chake n'chakuti chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira ku mizu kudzera m'khungwa. Khungwa likadulidwa, chakudyacho chimaunjikana kumtunda. Koma mizu imakhala ndi njala, ndipo zilonda zimalowetsa chiswe, tizilombo toboola mitengo ndi matenda. Mtengo wotemedwa chaka ndi chaka umayamba kuuma nthambi. Misomali ndi mchere sizithandiza chilichonse, ndipo mchere umaononga nthaka.

M'maiko ena amapopera potassium nitrate kuti mango achite maluwa, njira imene katswiri wa ku Philippines, Ramon Barba, anaitulukira m'zaka za m'ma 1970. Ngakhale njira imeneyi imagwira ntchito pa nsonga zokhwima zokha. Pa nsonga zanthete imatulutsa masamba. Palibe mankhwala amene angalowe m'malo mwa kusamala mtengo pa nthawi yake.

Mtengo wakale umene ngakhale mwausamala subereka bwino, kapena umabereka mango osayenda malonda, musaugwetse. Ukhoza kudulidwa nthambi zikuluzikulu ndi kumezanitsa mtundu wabwino pa mphukira zake, ndipo umayambanso kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuonetseni kachitidwe kake.

Kalendala ya ntchito

- Disembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi: thyolani mango onse, dulirani, thirani manyowa kapena fetereza.
- Malichi ndi Epulo: mphukira zikukhwima. Chotsani zomera m'munsi mwa pomezanitsira. Phimbirani nthaka ndi udzu, osaugunditsa ku thunthu.
- Meyi ndi Juni: mtengo upume. Osadulira, osathira nayitirojeni, osathirira. Lambulani moteteza ku moto ndipo gulani salufa.
- Julayi ndi Ogasiti: yenderani mitengo kawiri pa sabata. Poperani salufa matsango akangotuluka. Osapopera mankhwala ophera tizilombo maluwa atamasula.
- Seputembala mpaka Novembala: thirirani ngati madzi alipo. Tolani ndi kukwirira mozama mango ogwa pofuna kuchepetsa ntchentche zoboola zipatso.

Mawu kwa amene ali ndi manachesi ndi malalanje

Mitengo imeneyi, imene Neno ndi Mwanza amadziwika nayo, nayonso imafuna kupuma m'nyengo youma ndi yozizira, ndipo imachita maluwa kukayamba kufunda kapena ikalandira madzi itakhala paludzu. Nayitirojeni wochuluka, mthunzi ndi kusiya zipatso zakupsa mumtengo nthawi yaitali zimachepetsa maluwa ake. Idulireni pang'ono pokha mukangotha kukolola. Mphukira zaminga zotuluka m'munsi mwa pomezanitsira zichotseni, chifukwa zikakula mtengo umasanduka wa mandimu.

Kwa alimi otsogolera

Phunziro ili limamveka bwino anthu akaona ndi maso. Sankhani mitengo iwiri yofanana mtundu ndi msinkhu pamalo amene gulu lanu limakumana. Wina udulireni ndi kuuthira manyowa mukangothyola, winawo usiyeni monga mwa masiku onse. Pa mtengo uliwonse mangani tinsalu pa nsonga 20, mbali zonse zinayi. Mu Ogasiti werengani pamodzi ndi gulu nsonga zimene zachita maluwa, ndipo mu Okutobala werengani zimene zasunga zipatso. Lembani m'kope masiku amene munadulira, kuthira manyowa ndi kupopera. Kope limenelo lidzakuuzani nthawi yeniyeni ya m'mudzi mwanu, chifukwa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi ya kumtunda siyendera limodzi.

Ngati mtengo wanu waphonya maluwa chaka chino, palibe chimene mungathire kapena kupopera kuti muwabweze. Usiyeni, muuteteze ku moto, ndipo dziwani gulu la vuto lake. Ntchito yokonza maluwa a chaka chamawa idzayamba sabata imene mango a m'dera lanu adzathe m'mitengo.